Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma lathu: makatoni a mbiri yathu akuvunda kuseri kwa laibulale

Kwa Bwanamkubwa,
Wapampando wa Khonsolo ndi makhansala onse,
Olemekezeka aphungu a madera a m'boma lino,
A komiti yoyendetsa laibulale,
Ndi inu mafumu athu, eni nthaka,

Ndikupatsani moni nonse mwaulemu, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndiyankhule pabwalo. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Choko ndinachigwira zaka zambiri m'boma lomwe lino, ndipo ena mwa inu munadutsa m'manja mwanga muli ndi makabudula a khaki. Ngati ndinakulangani chifukwa choiwala chaka cha nkhondo ya Chilembwe, mundikhululukire, nthawi yake inali imeneyo. Nkhani imene ndabwera nayoyi ndinayamba ndaitula mwakachetechete. Ndinalemba makalata, ndinafikanso ndekha ku ofesi kangapo, koma ulendo uliwonse ndinkauzidwa kuti abwana atuluka, ndibwere mawa. Mawa lakelo silinafike. N'chifukwa chake ndalemba poyera, kuti eni ake a katundu amene ndikukambayu amve nawo. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Chipinda cha kumbuyo mu laibulale yathu, chija tonse timachitcha chipinda cha mbiri, chatulutsidwa katundu n'kuperekedwa pa lendi kwa wamalonda amene waikamo makina a fotokope. Makatoni amene anali m'menemo aunjikidwa m'kachipinda kosungiramo matsache ndi mipando yothyoka, pasimenti penipeni, momwe denga lakhala likudontha chiombereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chipinda chitapita, nayo mikumano ya Loweruka, ija agogo ankakamba nthano ndi mbiri kwa ana, yaima. Palibe anatiitana, palibe chidziwitso chinamatidwa pakhomo. Tinangopeza loko watsopano.

Wamalondayo ndilibe naye chifukwa, anaona chipinda cha lendi n'kulipira. Ogwira ntchito pa laibulale nawo amangotsata zimene auzidwa. Ndikudziwanso kuti ndalama zavuta: mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi, malipiro a mlonda, zonse zikudikira thumba lomwelo. Koma pali zinthu zimene mwina simunauzidwe pamene munkavomereza ganizoli, ndipo ndizitchula chimodzichimodzi.

Choyamba, katundu ali m'makatonimo si wa khonsolo, si wa laibulale. Ndi wosungitsa. Tinayenda ife ndi miyendo yathu, aphunzitsi angapo ndi ana a Folomu 3, mudzi ndi mudzi, kupempha anthu kuti atulutse zimene anabisa pansi pa masutikesi. Anthu sanalole msanga. M'badwo umene unakula nthawi ija munthu ankatha kusowa chifukwa cha kapepala kopezeka m'nyumba sukhulupirira za mapepala wamba. Tinawalonjeza kuti ku laibulale kulibe chiswe, kulibe mwana wong'amba tsamba kuti ayatsire mbaula, ndipo tsiku limene adzafune zinthu zawo adzazipeza. Pa lonjezo limenelo anatipatsa makalata ochokera ku Joni ndi ku Salisbury, zitupa za Wenela ndi za Theba, malisiti a msonkho a nthawi ya atsamunda, makhadi a chipani aja munthu sankalowa nawo mumsika ngati alibe, zithunzi za asilikali a KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, amene anakafika mpaka ku Burma, ndi timapepala ta nyali ndi tambala wakuda ta pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Muli mitolo ya Boma Lathu, Moni ndi Odini ya zaka zakalekale. Muli kope la mlaliki wina amene ankalemba tsiku limene mvula yayamba chaka ndi chaka, ndipo pa masamba a 1949 analemba mayina a anthu a mumpingo wake amene anawaika m'manda chifukwa cha njala. Mulinso makaseti a mawu a nkhalamba zimene lero zinatsikira kulichete.

Mayi wina wachikulire anatipatsa makalata a malemu amuna awo. Bambowo ankagwira ntchito ku migodi ndipo analeka kupita pamene boma linatseka ulendo wa Wenela, ndege ija itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Mayiwo sadziwa kuwerenga. Ankabwera Loweruka lina ndi lina ndi mdzukulu kuti awawerengere kalata imodzi, n'kumaseka pomva amuna awo akufunsa ngati mbuzi ija yaswa. Lamulungu lapitali anandigwira mkono potuluka m'tchalitchi n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, makalata a bambo aja alipo?" Ndinayang'ana pansi. Ine amene ndinawasainira m'kope kuti ndalandira, ndinasowa chowayankha. Funso limeneli ndalibweretsa kwa inu.

Chachiwiri, ndinamva wina ku ofesi akunena kuti mbiri imasungidwa ku Zomba, ndiye palibe chimene chitayike. Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene pagona kusamvetsetsana. N'zoona kuti ku Zomba kuli National Archives, nyumba yosunga zolembedwa za dziko imene inakhazikitsidwa mu 1947, ndipo ntchito imene imagwira ndi yotamandika. Koma zambiri zimene zimapita kumeneko ndi mafayilo a boma, a makhoti, a mipingo ikuluikulu, ndi mabuku ndi manyuzipepala osindikizidwa. M'mafayilo a atsamunda mupezamo zimene DC wachizungu ankaganiza za agogo athu: angati alipira msonkho, angati athawa thangata, mfumu iti ndi yomvera. Simupezamo zimene agogo athuwo ankaganiza za DC. Zimenezo zili m'nyimbo za pamtondo, m'makalata a machona, m'kamwa mwa nkhalamba. Kwathu kuno malo okhawo amene anayesa kuzisonkhanitsa ndi chipinda chija mwaikamo fotokope.

Ndipo dziko lathu lino lapsa kale kokwanira pa nkhani ya zolembedwa. Mu Febuluwale 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba n'kupsereza pafupifupi mafayilo onse a kuyambira 1891. Mpaka lero wofuna kudziwa bwino za zaka zimenezo, kuphatikizapo za nkhondo ya Chilembwe ya 1915, amadalira zimene zinatumizidwa ku London ndi makalata a amishoni amene ali ku Edinburgh. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku Makhanda, ku South Africa. Timadandaula kuti mbiri yathu ili m'manja mwa alendo, chonsecho yochepa imene ili m'manja mwathu tayiika pansi pa denga lodontha. Za 1919 mwina munganene kuti n'zakale. Nanga za pa 18 Disembala 2015, pamene laibulale ya pa Mzuzu University inapsa n'kutha mabuku pafupifupi 45,000 usiku umodzi? Tonse tinamva chisoni, mayiko akunja anatumiza mabuku ena. Buku la sayansi ukhoza kuligulanso. Kope la mlaliki uja ndi limodzi dziko lonse lapansi.

Kusiyana kwake n'kwakuti moto umaoneka, anthu amathamanga ndi zidebe. Chinyontho sichiitana munthu. Pepala likanyowa n'kukhala lotsekeredwa m'katoni, pakangopita masiku ochepa limachita nkhungu, inki imayenderera, masamba amamatana n'kusanduka chibuma. Zithunzi zikamatana, ukati uzilekanitse nkhope imatsalira pa chinzake. Tepi ya m'kaseti ikachita nkhungu imakakamira, ndipo ukaiika mu wailesi imaduka. Katoni yokhala pasimenti ndi chakudya cha chiswe, ndipo njenjete ndi mphemvu zimamaliza zotsala. Mlonda atanditsegulira kachipindako kwa kanthawi, fungo lokha linandiuza zonse. Makatoni apansi anali atafewa kale ngati mkate wonyikidwa mu tiyi. Sindinaloledwe kutsegula ngakhale imodzi, akuti mpaka chilolezo chichokere ku ofesi.

Pano ndivomere kulakwa kwathu ifenso. Tinasonkhanitsa zinthu koma sitinazikopere pena. Makaseti tinkangoti tidzawasamutsira pa kompyuta tikadzapeza wotithandiza, zaka n'kumapita. Mgwirizano wathu ndi laibulale unali wapakamwa, umboni wake ndi kope limodzi lachikuto cholimba limene anthu ankasainamo kapena kudinda chala. Tinadalira kuti aliyense akuona kufunika kwake monga tinkaonera ife. Mbali imeneyo ndi yathu ndipo tayisenza.

Chachitatu ndi mikumano ya Loweruka. Amene simunafikepo, munaphonya. Mmawa kunkabwera ana a pulayimale, ena osavala nsapato, kukhala pamphasa. Agogo akati "Padangokhala," chipinda chonse chinkayankha "Tili tonse!" mpaka owerenga manyuzipepala kutsogolo ankasiya n'kudzaima pakhomo. Zikatha nthano ndi zilapi, mwana aliyense ankabwereka kabuku kopita nako kunyumba. Ambiri mwa ana amenewa analowa mu laibulale koyamba chifukwa cha kalulu ndi fisi, ndipo ena lero ndi amene amalimbirana mipando pokonzekera mayeso a MSCE. Masana kunkabwera amayi a sukulu ya kwacha, amene ankaphunzira kuwerenga pogwiritsa ntchito nkhani za m'mudzi mwawo momwe. Kamodzi pamwezi tinkaitana munthu mmodzi wachikulire kuti afotokoze zimene anaona ndi maso: wina za ku migodi, wina za mmene analandirira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, wina za tsiku limene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'tchalitchi mu Malichi 1992 ndi mantha amene anagwira anthu potuluka. Zonsezi sizinkadya ndalama ya khonsolo. Tiyi tinkasonkherana tokha.

Chodabwitsa n'chakuti ku likulu anzathu akulowera kwina. A National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, akhala akuyenda m'maboma kujambula nthano ndi nyimbo za makolo mothandizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno ndi bungwe la Rei Foundation la ku New Zealand, ndipo ana amasonkhana ku laibulale ya ku Lilongwe kumvera nthanozo. Ife tinali nazo kale pakhomo, popanda galimoto kapena alawansi, ndiye tazitseka. Chitsekereni chipindacho tataya kale akuluakulu awiri mwa amene tinawalemba pa ndandanda woti adzayankhule. Mmodzi anali womaliza m'mudzi mwawo wodziwa mayina a mafumu onse a mbumba yawo kuchokera pamene anafika kuno. Ndinali kumaliro ake. Achinyamata ankafunsana za mzere wa ufumu pamanda pomwepo, wowayankha ali m'bokosi.

Chachinayi, ndikudziwa kuti pali ena amene amati zonsezi ndi zosangalatsa nkhalamba, chitukuko ndi misewu ndi milatho. Mafumu athu ndi mboni kuti chipinda chija chinkathandiza pa milandu. Chiyambireni ntchito yolembetsa malo a makolo pansi pa lamulo la 2016, mikangano ya malire yachuluka, ndipo kangapo konse akubanja abwera kudzamvera kaseti ya agogo awo akutchula mtengo wa mkuyu kapena mtsinje umene unali malire. Anthu amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa, ngakhalenso amasiye awo, akamatsata chipukuta misozi cha matenda a m'mapapo ku Tshiamiso Trust amafunsidwa umboni woti anagwiradi ntchito kumeneko, ndipo ena zitupa zawo zokhala ndi manambala zili m'makatoni omwewo. Kwa mayi wamasiye, kapepala kameneko kakhoza kukhala kusiyana kwa kulandira ndi kubwezedwa.

Nanga za madzi? Freddy atagumula mapiri, tinamva anthu akunena kuti zoterezi sizinachitikepo. Akuluakulu ankapukusa mitu. Napolo anatsika phiri la Zomba mu Disembala 1946, anatsikanso ku Phalombe mu Malichi 1991. M'makaseti athu muli nkhalamba zikufotokoza makwawa amene madzi amadzera akakwiya, ndi malo amene makolo ankaletsa kumangapo nyumba. Komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ikanapindula kukhala pansi masana amodzi n'kumvera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo talitsekera ndi loko pamodzi ndi matsache.

Chachisanu ndi chachifupi. Ganizoli linapangidwa mseri. Sitikudziwa kuti linavomerezedwa pa msonkhano uti, lendi ndi ndalama zingati, ikulowa m'thumba liti, ndipo ngati ikuthandizadi laibulale bwanji denga likudonthabe. Sindikunena kuti wina wadya. Ndikunena kuti sitinauzidwe, pamene lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020.

Tsono zopempha zathu ndi izi, ine pamodzi ndi anzanga amene tinasonkhanitsa katunduyu:

1. Makatoni onse achotsedwe m'kachipinda kodonthako sabata ino, mvula isanabwerenso, aikidwe m'chipinda chouma, pamashelefu kapena pamatabwa, osagunda khoma kapena simenti. Mutilole ife odzipereka titsegule onyowawo, tiyanike mapepala pamthunzi podutsa mphepo, tsamba ndi tsamba. Padzuwa ayi, amauma mopindika n'kuthetheka. Ntchito imeneyi sitikufuna malipiro.

2. Pachitike kalembera wa zonse zimene zilimo, pamaso pa a komiti, nthumwi ya mafumu ndi eni katundu, potsata kope limene anthu anasainamo. Banja lililonse liuzidwe chilungamo ngati chinthu chawo chaonongeka. Wofuna kutenga zake aloledwe. Ndipo pasapezeke pepala ngakhale limodzi lotenthedwa kapena logulitsidwa kwa okulungira mandasi ndi tchipisi pa dzina loti ndi zinyalala.

3. Chipinda cha mbiri chibwezedwe. Ngati mgwirizano ndi wamalondayo sungathetsedwe lero popanda kumulakwira, tiuzeni tsiku limene ukutha, ndipo pakadali pano mutipatse chipinda china chokhoma m'nyumba za khonsolo.

4. Chikalata cha lendiyo, malisiti ake ndi mfundo za msonkhano umene unavomereza zimatidwe pa bolodi ya laibulale kuti aliyense awerenge.

5. Denga likonzedwe. Olemekezeka aphungu, malata ochepa ndi misomali sizingagwetse thumba la chitukuko cha m'dera la CDF. Makhansala, m'ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa muikemo kamzere ka laibulale, ngakhale kochepa, kuti isamadalire kubwereketsa zipinda zake.

6. Mikumano ya Loweruka iyambirenso. Chimene tikufuna ndi kiyi ndi wogwira ntchito mmodzi wotsegula. Ngati vuto ndi malipiro a tsiku la Loweruka, tikambirane zosinthanitsa ndi tsiku lina la m'kati mwa sabata.

7. Khonsolo ilembere a National Archives ku Zomba kupempha katswiri adzaone katunduyu ndi kutiphunzitsa kasungidwe koyenera. Makaseti ndi zithunzi zisamutsidwire pa kompyuta, makope ake asungidwe malo osachepera awiri, amodzi kunja kwa boma lino, ndipo eni ake avomereze kaye chisanaikidwe chilichonse pa intaneti. Achinyamata odziwa makompyuta tili nawo, ena akungokhala pamsika ndi madipuloma awo.

8. Yankho la kalatayi liperekedwe molemba, m'Chichewa, ndipo nkhaniyi iikidwe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wotsatira wa khonsolo yonse, pomwe eni katundu adzaloledwe kukhalapo.

Kwa inu mafumu, ndikugwadirani padera. Ambiri mwa anthu amene anapereka zinthu zawo anatero chifukwa inu munaitanitsa misonkhano n'kuwatsimikizira kuti ife si akazitape. Mawu anu ndi amene anatsegula masutikesi aja. Mukakhala chete, mawa wina akadzabwera kudzapempha chithunzi kapena nyimbo, anthu adzakumbukira zimene zinachitikira makalata a mayi aja ndipo adzatseka zitseko. Kwa inu ana a boma lino amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja, amene munaphunzira kuwerenga pa mabenchi a laibulale imeneyi, funsani kwanu ngati agogo anu anaperekako kanthu, ndipo muwaimbire foni khansala wa kwanuko.

Bwanamkubwa, Loweruka likubwerali ife tidzakhala pansi pa mtengo wa mango uli kutsogolo kwa laibulale kuyambira 9 koloko mmawa, ndi mphasa zathu. Ana tawauza kale, ndipo agogo ena avomera kudzakamba za njala ya 1949 monga anaionera ali kamtsikana. Tidzabweretsanso kope losainamo lija, zingwe zoyanikira ndi matabwa amene kalipentala wina watibwereka. Mayi a makalata aja akuti adzabwera ndi mdzukulu wawo. Mpando wanu tidzakusungirani, ndipo chonde mudzatenge kiyi wa kachipinda kaja.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, m'malo mwa anzanga odzipereka pa chipinda cha mbiri